Mphamvu za Yesu pansi pano: zinali zakezake kapena zopatsidwa?

Mphunzitsi wa kalasi, kufupi ndi Chia, Nkhotakota

Ndikupereka moni kwa inu nonse, makolo ndi abale mwa Ambuye. Akuluakulu adati safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa masabata atatu tsopano, ndipo ndikupempha amene munazama nawo Mawu a Mulungu kuti mundithandize.

Ine ndimaphunzitsa kalasi pa mpingo wathu wa CCAP, ndipo ambiri mwa ophunzira anga ndi anyamata a m'madoko amene amachezera pa nyanja ndi chilimira, n'kufika ku kalasi maso ali psuu. Tsiku lina, m'nyengo ya mwera momwe, tinkawerenga Marko 4:35-41, pamene Ambuye anadzutsidwa ku tulo m'ngalawa n'kudzudzula mphepo ndi kuuza nyanja kuti itonthole. Anyamata amenewa safunika kuwafotokozera za namondwe, chifukwa aliyense wa iwo anakapapo madzi m'boti mtima uli m'mwamba, ndipo ena anataya anzawo pa nyanja pomwepo. Nditamaliza kuwerenga, mmodzi anakweza dzanja n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, nanga mphamvu zimenezi anazitenga kuti?”

Inu a kunyanja mukudziwa kuti funso limeneli kwathu kuno silifunsidwa mwachisawawa. Munthu akamapha usipa wodzaza boti tsiku ndi tsiku pamene anzake akubwerako chimanjamanja, anthu amayamba kunong'onezana kuti anakhwima, kuti pali kumene anapita, ndipo aliyense amadziwa kuti mphamvu zokatenga kwa munthu wina zimabwera ndi malamulo ake, moti ukaphwanya limodzi zimasuluka. Ine ndinayankha msanga kuti Yesu sanazitenge kwina kulikonse chifukwa Iye ndi Mulungu. Koma mnyamatayo analeredwa ndi amalume ake amene ndi Msilamu wokonda kuwerenga, ndipo anati amalume akewo amanena kuti Isa, dzina la Yesu kwa Asilamu, anachitadi zozizwitsa, koma mwa chilolezo cha Mulungu monga aneneri ena onse, komanso kuti Baibulo lathu lomwe likuvomereza zimenezi, poti pa Yohane 5:30 Yesu akuti sangathe kuchita kanthu payekha, ndipo pa Machitidwe 10:38 Petro akuti Mulungu anamudzoza ndi Mzimu Woyera ndi mphamvu. Wodzozedwa ndi wolandira, anatero mnyamatayo, nanga Mulungu angalandire mphamvu kwa yani? Kunena zoona ndinasowa poyambira.

Ndisanapeze yankho, kunabwera msonkhano wa chitsitsimutso pa msika wa kwathu kuno, ndipo mlaliki wake anaphunzitsa kuti Yesu pobwera pansi pano anavula umulungu wake n'kuusiya kumwamba monga munthu amakolekera jekete pa msomali, kuti zonse anazichita ngati munthu wamba wodzazidwa ndi Mzimu, kotero Mkhristu aliyense angathe kuchita zomwezo, ndipo wolephera ndiye kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Anawerenga Afilipi 2:7, paja pakuti anadzikhuthula yekha. Mayi wina wa mu mpingo mwathu, amene anaika mwana wake m'manda chaka chathachi atamupempherera usana ndi usiku, anabwerako ku msonkhanowo akulira, akuti ndiye kuti mwanayo anapita chifukwa cha kuchepa kwa chikhulupiriro chake. Apa m'pamene ndinaona kuti funsoli si la m'kalasi mokha.

Chondidabwitsa n'chakuti amalume a mnyamatayo ndi mlalikiyo, ngakhale sapemphera pamodzi, afika pa mfundo imodzi yakuti mphamvu za Yesu zinali zochita kupatsidwa. Ndiye chiphunzitso cha mpingo chimati chiyani? Yesu ankachita zozizwitsa ndi umulungu wakewake, kapena ndi Mzimu Woyera, kapena ndi mphamvu ya Atate? Ndikufuna yankho limene ndingaime nalo pamaso pa mnyamata uja komanso pakhomo pa mayi uja.

Mbusa wopuma, Salima

Aphunzitsi, mwachita bwino kubweretsa nkhaniyi poyera, ndipo musadzione ngati olephera. Funso la mnyamatayo ndi lomwe lija adafunsa anthu a ku Nazarete pa Marko 6:2, ndiponso limene alembi ochokera ku Yerusalemu adaliyankha molakwika pa Marko 3:22, pomwe adati amatulutsa ziwanda ndi mphamvu ya Belezebule. Kunena m'chiyankhulo cha kudoko, alembiwo ankati adakhwima. Ambuye mwini adawayankha kuti amatulutsa ziwanda ndi Mzimu wa Mulungu, monga Mateyu 12:28 akunenera, kapena ndi chala cha Mulungu, monga Luka 11:20 adalembera. Choncho pa mfundo yakuti mphamvuzo zidali za Mulungu palibe mkangano. Mkangano uli pa ubale wa Yesu ndi Mulungu mwini mphamvuyo.

Yankho limene mudapereka m'kalasi lidali loona, koma lidali theka, ndipo ndikukulangizani kuti mavesi onena za kudzozedwa musawabise ngati kuti ndi a adani athu, chifukwa ndi athu. Thupi la Ambuye lidaumbidwa m'mimba mwa Mariya ndi Mzimu Woyera, Mzimuyo adatsika pa Iye mu Yordano, adamutsogolera ku chipululu, ndipo Luka 4:14 akuti adabwerera ku Galileya mu mphamvu ya Mzimu, nakawerenga m'sunagoge mawu a Yesaya 61 onena za kudzozedwa. Ngakhale nsembe ya pa mtanda, Ahebri 9:14 akuti adadzipereka mwa Mzimu wosatha. Dzina lakuti Khristu lomwelo limatanthauza Wodzozedwa, ndipo Katekisma wa Heidelberg wa 1563, amene adafika kuno ndi amishoni a Dutch Reformed omwe adayamba ntchito ku Mvera mu 1889, amatero pa funso 31, kuti adaikidwa ndi Mulungu Atate nadzozedwa ndi Mzimu Woyera kukhala mneneri, wansembe ndi mfumu yathu. Mphunzitsi wa ku England John Owen, amene adamwalira mu 1683, adafika pophunzitsa kuti zonse zimene Mwana ankachita mu umunthu wake ankazichita kudzera mwa Mzimu Woyera, komabe Owen yemweyo sadakayikepo kuti Mwanayo ndi Mulungu weniweni.

Theka linalo mulipeza mukayang'anitsitsa kachitidwe ka zozizwitsazo. Eliya pofuna kuukitsa mwana wa mayi wamasiye wa ku Zarefati adafuulira Yehova nadzitambasula pa mwanayo katatu. Petro pofuna kuukitsa Tabita adayamba wagwada n'kupemphera, ndipo kwa Eneya adanena poyera kuti wokuchiritsa ndi Yesu Khristu. Atachiritsa munthu wopunduka pa khomo la Kachisi, anthu atamuunjirira, adawafunsa chifukwa chimene ankamuyang'anira ngati kuti wayendetsa wopunduka uja ndi mphamvu zake. Tsopano bwererani m'ngalawa muja. Yesu sadagwade, sadatchule dzina la wina aliyense, adangoti tonthola, khala bata. Ophunzira ake adali Ayuda oimba Masalimo, ndipo ankadziwa kuti pa Salimo 89:9 ndi 107:29 wotontholetsa mafunde ndi Yehova yekha, n'chifukwa chake mantha awo adakula mphepo italeka kuposa pamene inkawomba. Muonenso kuti funso lawo silidali lakuti wazitenga kuti, koma lakuti uyu ndani. Kwa wakhate adati ndifuna, khala wokonzedwa. Ku Kana Yohane akuti adaonetsa ulemerero wake, osati wa wina. Pa Yohane 10:18 akuti ali nayo mphamvu yotaya moyo wake ndi kuutenganso, mawu amene Mose kapena Eliya sakadayerekeza kuwatulutsa pakamwa.

Vesi la amalume aja, lakuti sangathe kuchita kanthu payekha, liwerengeni kuyambira pa Yohane 5:17. Yesu wachiritsa pa Sabata, ndipo podziteteza akuti Atate wake akugwirabe ntchito, nayenso akugwira ntchito, moti Ayuda adamva bwino lomwe kuti akudzilinganiza ndi Mulungu. Kenako pa vesi 19 akuti Mwana sachita kanthu payekha, koma chiganizocho sichithera pomwepo, chikupitiriza kuti zimene Atate achita, zomwezo Mwananso azichita momwemo. Mneneri angathe kunena theka loyambalo, koma palibe mneneri amene anganene kuti chilichonse chimene Mulungu amachita iyenso amachita chimodzimodzi. Kusatha kumeneku si kwa munthu wopanda mphamvu, koma kwa Mwana amene sangapatukane ndi Atate wake n'kukhala ndi ntchito yakeyake pambali.

Za jekete la pa msomali ndikuzikana ndi mtima wonse. Maganizo amenewo si atsopano. M'zaka za m'ma 1800 mphunzitsi wa ku Erlangen ku Germany, Gottfried Thomasius, adaphunzitsa kuti Mwana pokhala munthu adasiya mphamvu zonse, kudziwa zonse ndi kupezeka paliponse, n'kutsala ndi chiyero, chikondi ndi choonadi. Vuto lake n'lakuti Mulungu wochotsedwako zina salinso Mulungu, ndipo Akolose 2:9 akuti chidzalo chonse cha umulungu chimakhala mwa Khristu m'thupi. Afilipi 2:7 pawokha akufotokoza mmene adadzikhuthulira: adatenga maonekedwe a kapolo. Kudzikhuthulako kudali kwa kutenga chimene adalibe, osati kutaya chimene adali nacho. Ngati mlalikiyo akufuna fanizo la chovala, Yohane 13 ali nalo: Ambuye adavuladi malaya akunja, nadzimanga nsalu m'chiuno, nasambitsa mapazi a ophunzira, koma atamaliza adati mumanditcha Mphunzitsi ndi Ambuye, ndipo mukunena zoona pakuti ndine amene. Chimene adavula ndi ulemu woonekera, osati chimene Iye ali. Msonkhano wa mabishopu wa ku Chalcedon mu 451 udamanga mfundoyi pomwe udati Khristu ndi mmodzi, wangwiro mu umulungu ndi wangwiro mu umunthu, ziwirizi zosasakanikirana, zosasinthika, zosagawanika ndi zosapatukana.

Ndiye mnyamatayo akafunsanso kuti Mulungu angalandire kwa yani, mumuuze kuti wolandira kudzozedwa ndi Mwana mu umunthu umene adautenga chifukwa cha ife, umunthu umene unkatopa, kumva njala ndi kugona pa mtsamiro m'ngalawa. Mphamvu ya Mulungu si zitatu zoti tisankhepo imodzi. Gregory wa ku Nyssa, mmodzi wa makolo a mpingo, adaphunzitsa kuti ntchito iliyonse ya Mulungu imayambira kwa Atate, imadzera mwa Mwana, ndipo imakwaniritsidwa mwa Mzimu Woyera. Pa mafunso anu atatu aja, aphunzitsi, yankho ndi inde pa onse.

Mayi wa mpingo wa Pentekoste, Dwangwa

Abusa, ndawerenga mawu anu kawiri ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma mundilole monga mwana wanu ndinene chimene chikundidetsa nkhawa. Ndiyambe ndi kunena kuti ife ku mpingo kwathu timavomereza kuti Yesu ndi Mulungu, ndipo zimene anauzidwa mayi woferedwayo zandipweteka mtima, chifukwa nanenso ndinaikapo mwana, ndipo munthu woti waferedwa sitimusenzetsa mlandu pamwamba pa maliro.

Nkhawa yanga ndi iyi. Ndinakulira mu mpingo umene nkhani za zozizwitsa zinkawerengedwa ngati mbiri yakale, ndipo munthu ukafunsa za kupempherera odwala yankho linali lakuti ameneyo anali Yesu, anali Mulungu, ife ndife anthu chabe. Zotsatira zake ndinaziona ndi maso anga: anthu omwewo amene Lamulungu ankaimba m'tchalitchi, mwana akadwala usiku ankamubereka kupita naye kwa sing'anga, chifukwa kutchalitchi anauzidwa kuti mphamvu zinatha kalekale. Ndagonapo kangapo ku chipatala podikirira odwala, ndipo kumalo kumene odikirira amaphikira ndamva amayi akuuzana za asing'anga odziwa ntchito, ena mwa iwo atavala nsalu za mipingo yawo.

Ndikamawerenga Mauthenga ndimaona Yesu amene anasankha kukhala moyo wodalira Atate monga ife. M'chipululu Satana anamuuza kuti asandutse miyala ikhale mkate ngati alidi Mwana wa Mulungu, ndipo Iye anakana, nayankha ndi mawu onena za chimene munthu amakhalira ndi moyo. Ankachezera usiku wonse kupemphera, monga pa Luka 6:12, ndipo pa manda a Lazaro anakweza maso nayamika Atate kuti amumva asanamuitane wakufayo. Ahebri 2:17 akuti anayenera kufanana ndi abale ake m'zonse. Ndipo pa Yohane 14:12 analonjeza kuti wokhulupirira adzachita ntchito zimene Iye ankachita, ngakhale zoposa pamenepo. Funso langa kwa inu, abusa, n'lakuti ngati Iye anali ndi umulungu woti atsamirepo pamene zinthu zavuta, ife amene tilibe tingamutsanzire bwanji, ndipo lonjezo lijali tiliike pati?

Katekisiti wa Anglican, pa boma la Nkhotakota

Ndikuthokoza aphunzitsi chifukwa cha funso, abusa chifukwa cha maziko amene aika, ndi amayi a ku Dwangwa chifukwa cholankhula za mumtima. Amayi, chimene mwanena cha anthu opita kwa asing'anga usiku n'choona, ndipo mpingo umene sukupempherera odwala ukusiya lamulo la pa Yakobo 5:14. Koma ndikuganiza kuti mankhwala a vuto limenelo si kumutsitsa Yesu kuti afanane nafe, koma kumvetsa kuti Mzimu amene ali pa ife ndi wa yani.

Nkhani imeneyi inafika pa bwalo la mpingo kalekale. Mu 430 Cyril, bishopu wa ku Alexandria, analembera Nestorius, bishopu wa ku Constantinople, kalata yokhala ndi mfundo 12 zotsutsa chiphunzitso chake, ndipo nkhaniyo inakambidwa pa msonkhano wa ku Ephesus mu 431. Mfundo yachisanu ndi chinayi ikugunda pa funso lathuli ndendende. Cyril sanakane kuti Yesu ankachita zizindikiro mwa Mzimu Woyera; chimene anakana n'chakuti mphamvu ya Mzimuyo inali yachilendo kwa Iye, ngati katundu wobwereka, ndipo anati Mzimuyo ndi wakewake. Apa m'pamene pali kusiyana kwa Yesu ndi ife. Iye analandira Mzimu mopanda muyeso, monga Yohane 3:34 akunenera, koma yemweyo ndi amene anapumira ophunzira nati landirani Mzimu Woyera, ndipo pa tsiku la Pentekoste Petro anati ndi Yesu wokwezedwayo amene watsanulira chimene anthu ankaona ndi kumva. Palibe mtumwi amene anatumizapo Mzimu kuchokera kumwamba. Ife timatunga, Iye ndiye mwini chitsime.

Makolo a mpingo ankakonda fanizo la lupanga loikidwa pa moto, ndipo kwathu kuno timaliona nthawi ya dzinja ikayandikira, pamene bambo akuika khasu latsopano mu mpini. Amaika chitsulo pa makala mpaka chifiire, kenako n'kuchikanikiza pa mtengo, utsi n'kumatuluka. Chitsulocho chikuboola monga chitsulo, ndipo chikuwotcha monga moto, koma bowo ndi limodzi, ndipo chitsulo sichinasanduke moto, moto sunasanduke chitsulo. Yesu pokhudza wakhate, dzanja linali la munthu weniweni, kuchiritsako kunali kwa Mulungu, ndipo wochitayo anali mmodzi. Fanizoli musalikokere kutali, chifukwa chitsulo chimazizira, pamene umulungu ndi umunthu wa Khristu sizinalekanepo ngakhale pa mtanda.

Za lonjezo la pa Yohane 14:12, amayi, tiliike pomwe Ambuye analiika. Chifukwa chimene anapereka n'chakuti Iye akupita kwa Atate, ndipo vesi lotsatira akuti chimene mudzapempha m'dzina langa ndidzachichita. Wochita ntchito zazikuluzo akadali Iye, koma tsopano kudzera mwa anthu ake, ndipo zinayamba kuoneka pamene anthu pafupifupi 3,000 anabatizidwa tsiku limodzi ndi uthenga kufalikira kwa anthu a mitundu ina. Ndiye tipemphere molimba mtima, tidzoze odwala, tiyembekezere kuti Mulungu achita. Koma mphamvuyo siikhala m'thumba mwathu yoti tizitulutsa pamene tafunira. Simoni wa ku Samariya ankaganiza kuti ndi yogula ndi ndalama ndipo Petro anamudzudzula koopsa. Paulo, amene Mulungu anachita naye zozizwitsa zambiri, anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake koma sunachoke, ndipo pa 2 Timoteo 4:20 akuti anasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Ife a kuno tili ndi chikumbutso chathu pafupi: Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 ngalawa yake itagubuduzika ndi mphepo, miyezi yochepa chabe atadzozedwa ubishopu, ndipo manda ake ali mu tchalitchi cha All Saints pano pa Nkhotakota. Ndani anganene kuti munthu amene anapereka moyo wake ku ntchito ya Uthenga Wabwino kuno anamira chifukwa chosowa chikhulupiriro? Nyanja imamvera mwini wake, ndipo mtumiki amangopempha.

Pa za kutsanzira, Ambuye sanagwiritse ntchito umulungu wake kuti adzipeputsire moyo. Anakana mkate m'chipululu, koma anadyetsa anthu 5,000. Anapempha madzi kwa mayi wa ku Samariya ali ndi ludzu lenileni. Kumvera kwake kunali kwa munthu weniweni wodalira Atate mwa Mzimu, ndipo mmenemo ndi mmene timamutsatira.

Aphunzitsi, ndikupempheni chinthu chimodzi chokhudza amalume aja. Ife a kuno timakhala khomo ndi khomo ndi abale athu Achisilamu, timakwatirana, timaikana maliro, choncho nkhani zoterezi sizifuna kukweza mawu. Iwo akunena zimene Kurani imaphunzitsadi, chifukwa pa sura 3 ndime 49 ndi sura 5 ndime 110 ikuti Isa anachiritsa akhungu ndi akhate ndi kuukitsa akufa mwa chilolezo cha Mulungu. Muwavomereze pamene tikugwirizana, kuti mphamvuzo sizinali za matsenga koma za Mulungu, kenako munene mwaulemu pamene tikusiyana, kuti kwa ife Yesu si kapolo wopatsidwa chilolezo chabe, koma Mwana wa mnyumba amene zonse za Atate ndi zake, monga pa Yohane 16:15.

Mphunzitsi wa kalasi, kufupi ndi Chia, Nkhotakota

Ndathokoza kwambiri nonse atatu, ndipo fanizo la chitsulo ndi mpini anyamata anga alimva msanga chifukwa amaliona pakhomo. Komabe abusa, pali mavesi awiri amene ndikudziwa kuti mnyamata uja adzabwera nawo, chifukwa ndi wakhama pofufuza. Pa Marko 6:5 akuti ku Nazarete Yesu sanathe kuchita chozizwitsa chilichonse, kupatula kuika manja pa odwala owerengeka, ndipo vesi limeneli ndi lomwenso mlaliki uja anagwiritsa ntchito ponena kuti kusakhulupirira kumamanga manja a Mulungu. Pa Marko 13:32 akuti za tsikulo ndi nthawi yake ngakhale Mwana sadziwa, koma Atate okha. Ngati sanasiye umulungu, kusatha ndi kusadziwa kumeneku ndikufotokoze bwanji? Ndipo mayi uja ndikayambire pati, popeza kwa iye nkhani ya misonkhano ya makolo a mpingo siyingalowe pakadali pano?

Mbusa wopuma, Salima

Aphunzitsi, pa Marko 6:5 ikani pambali pake Mateyu 13:58, pomwe nkhani yomweyo ikuti sadachite zamphamvu zambiri kumeneko chifukwa cha kusakhulupirira kwawo. Mphamvu sizidamuthere ku Nazarete, umboni wake ndi odwala owerengeka amene adawachiritsawo. Kusatha kumeneku kuli ngati kwa dokotala amene ali ndi mankhwala onse koma anthu a m'mudzimo akana kubweretsa odwala awo, komanso zozizwitsa za Ambuye zidali zizindikiro za Ufumu, osati zionetsero zokakamiza anthu amene amunyoza. Kuti chikhulupiriro cha munthu si chimene chinkamupatsa mphamvu, onani ku Naini pa Luka 7, kumene palibe adamupempha kanthu. Adangoona mayi wamasiye akulira, namumvera chifundo, nakhudza chithatha.

Pa Marko 13:32 gwirani zimene Chalcedon idanena, kuti umunthu wake udali wangwiro, kutanthauza kuti adali ndi nzeru za umunthu zimene zinkakula, monga Luka 2:52 akuti ankakula mu nzeru ndi mu msinkhu. Monga Mulungu adziwa zonse, ndipo Petro adamuuza choncho pa Yohane 21:17. Koma mu umunthu wake, pa udindo wa mtumiki, ankadziwa ndi kuulula zimene Atate adamupatsa kuti aulule. Mmodzi yemweyo adagona chifukwa chotopa, ndipo mmodzi yemweyo adadzuka n'kulamula nyanja. Sitifufuta vesi limodzi kuti tipulumutse linzake. Katekisma wathu pa funso 17 akuti Mpulumutsi ayenera kukhala Mulungu weniweni kuti mwa mphamvu ya umulungu wake asenze mu umunthu wake kulemera kwa mkwiyo wa Mulungu, ndiye akadausiya umulunguwo pa msomali, pa mtanda pakadapachikidwa munthu wabwino chabe, ndipo ife tikadali m'machimo athu.

Kwa mayi uja musapite nokha, pitani ndi amayi awiri kapena atatu a Chigwirizano, ndipo musafulumire kutsegula buku. Khalani naye kaye pa mphasa. Nthawi ikakwana muwerenge naye Marko 14:32-36. M'munda wa Getsemane muli Mwana amene chikhulupiriro chake chidalibe banga, amene adati akadatha kupempha magulu a angelo oposa khumi ndi awiri, akupempha katatu kuti chikho chimupitirire, ndipo chikhocho sichidamupitirire. Msonkhano wa ku Constantinople wa 680 mpaka 681 udaphunzitsa kuti mwa Khristu muli chifuniro cha umulungu ndi chifuniro cha umunthu, ndipo chaumunthucho chidagonjera popanda kukakamizidwa. Ngati pemphero la Mwana lidayankhidwa motero, palibe amene ali ndi ufulu wouza mayiyo kuti mwana wake adapita chifukwa iye sadakhulupirire mokwanira. Mukatero mumuwerengerenso Yohane 11:35, aone kuti mwini mphamvu youkitsa akufa adayamba walira pamodzi ndi ofedwa.

Amayi a ku Dwangwa, mawu anu onena za mipingo yathu ndawalandira, ndipo ndikuvomera kuti m'zaka zanga za utumiki ndikadayenera kuphunzitsa kwambiri za kupempherera odwala kuposa mmene ndidachitira.

Mnyamata uja mumupatse ntchito yoti akawerenge Yohane 5 kuyambira vesi 17 mpaka 30 pamodzi ndi amalume ake, osadumpha vesi, ndipo mudzatiuze zimene awiriwo adzakambirane akadzafika pa vesi 23.